Kabokosi Kosadikira

Mvula yoyamba ya chaka cha 2014 inagwa ku Kabudula Lachitatu, pa 12 Novembala. Sinali yodzalira, koma inadzidzimutsa anthu. Pofika Lachisanu mizere inali itagona kale m'minda, ndipo aliyense wodutsa pa ofesi ya kopaletivi ya alimi a mtedza ankasuzumira pakhomo ndi funso limodzi lomwelo: "Alembi, mbewu ija ibwera liti?"

Alembiwo anali Faness, mtsikana wokulira mumzinda wa Lilongwe, amene anayamba ntchitoyi mu Okutobala. Kampani ina ya mumzinda inkapatsa alimiwo mbewu ya mtedza chaka ndi chaka, ndipo inali italemba kuti kopaletivi iliyonse itumize imelo yotsimikiza kuti mbewuyo ikuifunadi isanakwane 5 koloko madzulo a Lachisanu lomwelo. Ochedwa, matumba awo apita kwa ena. Komanso imeloyo sinkafunika ya wamba. Chaka cham'mbuyo mwake tambwali wina analemba imelo m'dzina la alimi a dera lina, lole n'kukatsitsa mbewu kutchire. Kuchokera pamenepo kampaniyo inkangolandira imelo yokhala ndi siginecha ya kopaletivi, siginecha yosaoneka ndi maso imene kompyuta imaika yokha munthu akalemba mawu achinsinsi.

Faness analemba imeloyo m'mawa, naiwerenga kawiri. Atadina batani lotumizira, panatulukira kabokosi kotuwa kofunsa mawu achinsinsi. Analemba amene ankatsegulira kompyuta. Kabokosi kanakana. Analemba amene ankatsegulira imelo. Kanakananso. Anali akadakayang'anitsitsa pamene a Yusuf, apampando a kopaletivi, anatsamiritsa njinga yawo pakhoma n'kulowa.

"Amenewo simungawadziwe, alembi," anatero a Yusuf atamva vutolo. "Ngakhale ine sindiwadziwa."

"Nanga akuwadziwa ndani, apampando?"

"Palibe."

"Palibe? Ndiye imeloyi ipita bwanji?"

"Ipita. Mu Ogasiti inapita bwinobwino. Tumani munthu akaitane Amon ndi a Nankhoma."

Podikira awiriwo, a Yusuf anafotokoza. Kompyutayo inabwera ndi mnyamata wa bungwe lina, dzina lake Timothy, amene anauza komiti kuti isankhe mawu aatali, ovuta kulota, ndipo isauze aliyense. Komiti inakambirana tsiku lathunthu. Mawu otere kupatsa munthu mmodzi kunali ngati kusungitsa fisi mbuzi. Mapeto ake anatengera bokosi la banki m'khonde, lija la maloko atatu, kiyi aliyense kwa mwini wake. Mawuwo anawadula patatu. Mutu anasankha a Yusuf, pakati Amon woyang'anira nkhokwe, mchira a Nankhoma msungichuma. Aliyense analemba gawo lake anzake atafulatira, ndipo analumbira kuti gawolo silidzatuluka pakamwa.

"Timothy anavomera zimenezo?" anafunsa Faness.

"Anagwira mutu. Koma kopaletivi si ya Timothy."

Amon anafika woyamba. Anali mwamuna wamtali, wa manja okhakhala, wochokera ku Phalombe. Anabwera kuno ngati tenanti pa esiteti ya fodya cha ku Nsaru, fodya n'kumukana, mtedza n'kumulandira. A Nankhoma anafika pambuyo pake koma sanayandikire ofesi. Anakakhala patali, pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mjigo, atayang'ana kumsewu. Faness anaganiza kuti mayiwo akupumula kaye.

Ofesiyo kanali kachipinda kophatikiza ku nkhokwe: tebulo limodzi, mipando iwiri, khomo limodzi ndi zenera limodzi la zitsulo. Batire la kompyuta linafa kalekale, moti inkangoyaka ikakhala pachingwe chochokera ku batire la sola pakona.

Faness anadina batani, kabokosi kanatuluka, iye n'kuyang'ana kukhoma monga anamulamulira. Anamva a Yusuf akugogoda mabatani pang'onopang'ono ngati nkhuku yotola mphale. Kenako Amon, mwamphamvu. Kenako nsapato za Amon zikutuluka. Anasuzumira pakhomo n'kumuona akulambalala kuseri kwa nkhokwe, kutali ndi mtengo wa mango, ngati kuli njuchi.

"Amayi! Yakwana nthawi yanu!" anaitana Faness.

A Nankhoma anadikira kaye mpaka Amon atazimiririka. Anaimirira, anakonza chitenje, anayenda moyenda mwawo, anagwedeza dzanja kwa mayi wina wotunga madzi, analowa, anakhala, anatulutsa magalasi m'kachikwama n'kuwapukuta.

"Ndilembe pati, mwanawe?"

Faness anatembenuka. Kabokosi kunalibe. M'malo mwake munali mawu a Chingerezi onena kuti kusaina kwalephereka.

Anaganiza kuti ndi netiweki. Anazula kachipangizo ka intaneti, anakauzira, anakabwezeretsa. Anaitanitsa Amon, a Nankhoma n'kubwerera kumango Amonyo asanatulukire. Anayambiranso. A Yusuf, Amon, nsapato, kulambalala, chitenje, magalasi. Ulendo uno a Nankhoma sanafunse. Anaweramira mabatani n'kuyamba kulemba ndi chala chimodzi, maso ali pachalacho. Atamaliza anakweza mutu, ndipo anakuwa.

"Mayo! Musatembenuke! Wina asatembenuke!"

"Kwagwanji, amayi?" anafunsa Faness, mphuno ili kukhoma.

"Mawu anga ali poyera! Ali mbulanda! Mu Ogasiti ankatuluka timadontho, lero akuwerengeka ngati chikwangwani cha pachipatala!"

Kabokosi kanali katathawanso, ndipo mawu a mayiwo anali atalowa m'kati mwa imelo yeniyeniyo, pakati pa moni ndi pempho la mbewu. A Nankhoma anafundika kompyuta yonse ndi mpango wa kumutu. Faness anawalangiza ali chifulatire: batani lalitali la kumanja, chakumwamba, lokhala ndi muvi, alidine mpaka mawuwo atha. Mayiwo analowetsa dzanja pansi pa mpango, analipeza batanilo, ndipo analikanikiza ndi mtima wonse osalisiya. Pamene ankavundukula, mawu awo anali atafufutika, moni atafufutika, dzina la kampani litafufutika. Faness analembanso.

Tsopano aliyense anali ndi maganizo ake. A Yusuf anati zala za Amon ndi zazikulu, zikudina mabatani awiriawiri. Amon, ali kuseri kwa nkhokwe, anatumiza yankho kudzera mwa a Yusuf omwewo kuti zala zake ndi zomwe zija za mu Ogasiti, sanagule zina. A Nankhoma anati kompyutayo inazolowera mlembi wakale, mwina watsopanoyu sinamudziwe. Mlimi wina amene anaima pakhomo anati azimitse n'kuyatsanso, wailesi yake imatero. Faness anazimitsa n'kuyatsanso. Anayesa kachitatu, ndipo ulendo uno anaba ndi kona ya diso, osati kuona zala za anthu koma kabokosiko. Kanakhala. Kanakhala Amon akutuluka. Kanakhala a Nankhoma akuimirira. Mayiwo ali pakati pa bwalo, kanangoti zii, popanda wokakhudza.

"Apampando, ndikuona ngati kabokosika sikadikira. Mwina tikuchedwa. Nonse atatu muime pamzere pano patebulo, wina akamaliza wina alowe pompo."

Amon, amene anali atabwerera mpaka pakhomo, anaseka pang'ono n'kuyang'ana zala zake za kumiyendo. A Nankhoma anatsokomola, anakoka mpango kumaso, n'kutembenukira kumjigo. Alimi a pakhomo anayang'anana.

"Ndalakwa kunena?" anafunsa Faness.

A Yusuf anamukodola, anatuluka naye panja.

"Alembi, inu kwanu n'kuti?"

"Ku Lilongwe konkuno."

"Ku Lilongwe kwa magetsi. Mu Sepitembala, inu musanabwere, Amon anakwatira Gloria, mwana wachisamba wa a Nankhoma. Wamanga pakhomo pawo pomwepo. Ndi mkamwini wawo ameneyu."

"Eya, zikomo. Ndiye ndi apachibale. Zavutanso pati?"

A Yusuf anatsitsa mawu.

"Mkamwini ndi apongozi ake aime mapewa kugundana m'kachipinda aka? Akakumana m'njira wina amapatukira m'thengo. Inu mukuti apumirane mpweya pakhosi?"

Faness anazimvapo zimenezi, koma ankaziyesa za makedzana. Mlamu wake wa ku tauni ankaonera mpira pa sofa imodzi ndi amayi ake, n'kumalimbirana rimoti.

"Kamphindi kochepa chabe, apampando."

"Kamphindi kochepa ka pamaso pa anthu onsewa? Mawa ku msika kudzakhala nkhani yanji?"

"Ndiye sinthanani. A Amon ayambe, inu mukhale pakati, amayi amalize."

"Mawu akasintha malo si mawu omwewo. Ngakhale ine ndikudziwa zimenezo."

Faness anaimbira Timothy. Foni inalira nthawi yaitali, ndipo atayankha kumbuyo kwake kunkamveka phokoso la minibasi. Anali ku Karonga. Anatsimikiza kuti kabokosiko kamadikira kanthawi kochepa kenako n'kudzitsekera kokha, kuopa kuti munthu angakasiye kotsegula n'kuchokapo. Kukatalikitsira nthawi kunali kotheka, koma mpaka iye atabwera, mwina sabata ya mawa.

"Koma vuto n'chiyani, achemwali? Angouzana mawuwo, munthu mmodzi alembe onse."

Faness anapereka uthengawo. A Nankhoma anauyankha ali pansi pa mango, mokweza kuti onse amve: "Muuzeni Timothy wanuyo kuti mawu anga sanatulukepo pakamwa panga. Ngakhale malemu bambo a Gloria akanadzuka lero, sindikanawauza." Amon anati iye akhoza kuuza a Yusuf gawo lake, koma a Yusuf anatseka makutu ndi manja onse awiri. Munthu mmodzi kukhala ndi makiyi awiri, anatero, ndiye kuti bokosi latsala ndi loko mmodzi, ndipo tsiku lina kukadzasowa thumba adzaloza iwo.

Masana a Yusuf anapita ku mzikiti. Pobwerera anapeza mitambo itasonkhana cha kumadzulo, kuwala kwa sola kukuchepa, ndipo anthu pabwalo atachuluka. Anayesa mpikisano: a Nankhoma anasendera mpaka pamjigo, Amon anavula nsapato kuti athamange bwino. A Yusuf analemba, Amon analemba n'kuliyatsa liwiro la kuseri, anthu akukuwa, "Thamanga, mkamwini!" Koma a Nankhoma anakana kuthamanga. Msungichuma, mayi wa mvano, athamange ngati mwana wasukulu pamaso pa mudzi? Anayenda mofulumirirapo pang'ono, ndipo anafika kabokosi katapita.

"Alembi a chaka chino atidyetsa mizere," anatero bambo wina pabwalo, osatsitsa mawu.

"Atumize kalata pa njinga, ikafika Lolemba!"

Faness anakhala pampando, mutu uli m'manja. Sankadziwa kuti wolakwa ndani. Kabokosi kankachita ntchito yake. A Nankhoma ankachita zoyenera. Amon ankachita zoyenera. Komiti inachita zanzeru kudula mawu patatu, kapena mwina inachita zopusa, iye sanathenso kusiyanitsa. Maganizo ena anamubwerera: ulendo wotsatira aone zala za Amon mwakabisira, adzalembe yekha gawolo a Nankhoma atakhala kale pampando. Koma akanawauza chiyani anthu, kuti gawo la Amon lalowa bwanji Amon ali panja? Anawataya maganizowo. Wotchi ya pakompyuta inali itadutsa 4 koloko. Amon anali atakhala pansi m'katimo, kuseri kwa chitseko, akupukuta thukuta, ndipo a Yusuf ankayang'ana kudenga.

"Mwanawe."

Mawuwo anachokera pazenera. A Nankhoma anali ataima panja, dzanja limodzi litagwira chitsulo.

"Ine ndayanika ufa kunyumba, ndipo mvula iyo. Ngati zakanika nenani, ndizipita."

Faness anayang'ana mayiwo. Anayang'ana Amon, amene anali pompo, m'munsi mwa khoma lomwelo, atazolika. Palibe anathawa.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "a Amon ali muno."

"Ine ndili panja," anayankha a Nankhoma, maso ali kumitambo. "Za m'nyumba za eni sindikuzidziwa."

Faness sanamvetse kuti khoma la njerwa imodzi lingathe bwanji zimene bwalo lonse linalephera. Anayang'ana a Yusuf. A Yusuf anakanda chibwano.

"Ali panjadi," anatero.

Anakoka tebulo mpaka pazenera. Chingwe chinaperewera, ndiye Amon ananyamula batire la sola n'kulisendeza, chamsanamsana, nkhope ili kukhomo. A Nankhoma anavaliratu magalasi. Anthu a pabwalo anauzidwa kuti afulatire onse, ndipo anafulatira, ena akuseka. Faness anadina batani. A Yusuf analemba. Amon anafika chokwawa, anakweza manja okha patebulo, analemba mutu uli pansi, n'kubwerera pansi pa tebulo. Dzanja la a Nankhoma linalowa pakati pa zitsulo.

"Iih, zilembozi zazondoka. Chilembo A chapita kuti?"

Kwa munthu wa panja mabatani onse anali chadodolido. Pamene Faness ankazindikira, kabokosi kanali katapita. Wina pabwalo analira ngati wamenyedwa.

Anayambanso. A Yusuf. Manja a Amon. Faness, maso atatsinzina, anagwira kompyuta n'kuizungulitsa kuti iyang'ane kuzenera, akupemphera kuti chingwe chisazuke. Anamva chala chimodzi chikugogoda. Chinaima. Chinagogodanso. Chinaimanso nthawi imene Faness anaiona ngati chaka.

"Ndamaliza. Ndi timadontho."

"Dinani batani lalikulu la kumanja, amayi. Lalikululo. Osati lija la m'mawa!"

Kompyuta inalira kamodzi. Faness anatsegula maso, anaizungulitsa, ndipo anawerenga kawiri asanakhulupirire. Imelo inali itasainidwa, itapita.

Bwalo linabalalika mofulumira, chifukwa madontho oyamba anali atayamba kugogoda malata. A Nankhoma anathamangira ufa wawo, ndipo ulendo uno anathamangadi. Amon anadikira pansi pa tebulo mpaka atauzidwa kuti njira yayera, kenako anapita kukatseka mazenera a nkhokwe. A Yusuf anakwera njinga.

Faness anali akulongedza pamene kompyuta inaliranso. Inali kampani. Inathokoza, ndipo inati chatsala chinthu chimodzi: atsimikize lero lomwelo, pa imelo yosainidwa, malo amene lole idzatsitsire mbewu, popeza pempho lawo silinatchule. Mzere wa malowo unali m'gulu la zija zinafufutika pansi pa mpango, ndipo polembanso Faness anauiwala.

Anathamangira pakhomo. Bwalo linali mbee, mvula ikukhuthuka. Anaimbira a Yusuf, foni sinkapezeka. A Nankhoma analibe foni. Anabwerera patebulo, analemba kuti lole idzatsitsire pa nkhokwe ya kopaletivi, ndipo posowa chochita china anadina batani lotumizira, kuti mwina angoona kabokosi kaja n'kukatukwana.

Kabokosi sikanatuluke. Kompyuta inalira kamodzi. Imelo yasainidwa, yapita.

Faness anatsegula imelo yotumizidwayo: chizindikiro cha siginecha chinalipo, chofanana ndi cha yoyamba ija. Pasanapite nthawi kampani inayankha kuti zonse zili bwino, lole ifika Lachiwiri. Anaimbiranso Timothy, amene anati inde, kompyutayo ikalandira mawu imawasunga kanthawi, kenako n'kuwaiwala.

"Ndiye kuti kabokosi kosatha kudikira amayi kuti awoloke bwalo, kakutha kusunga mawu a anthu atatu eni ake atapita kwawo?"

"Ndi zinthu ziwiri zosiyana zimenezo, achemwali."

"Zosiyana bwanji?"

Foni inaduka asanayankhe.

Lolemba m'mawa Faness anauza a Yusuf zonse. Apampandowo anamvetsera, anamufunsa kuti abwereze, anamvetseranso.

"Ndiye kuti munasaina nokha, m'dzina la ife atatu?"

"Sindinalembe mawu alionse."

"Koma inasainidwa."

"Inasainidwa."

"Ndiye anasaina ndani?"

A Yusuf anati nkhaniyi ikambidwe ku komiti, ndipo pakadali pano, akangomaliza kusaina, kompyuta izizimitsidwa atatu onse akuona, awiri m'kati, mmodzi pazenera.

Lole inafika Lachiwiri, pa 18 Novembala, itadzola matope mpaka m'magalasi. Amon anatsitsa matumba ndi anzake, Faness akuitana mayina pakhomo la nkhokwe. Atafika pa dzina la a Nankhoma, mayiwo anali kale pansi pa mango, atayang'ana kumsewu. Amon anasenza thumba lawo, analambalala kuseri kwa nkhokwe, anakalitula pamjigo, n'kubwerera njira yomweyo. Tebulo la mu ofesi silinabwezedwenso pamalo ake akale.